Madzi Otentha ndi Mankhwala a m'Botolo: Mbiri ya Kutsuka Mfuti ku Chongwe

 Madzulo ano tikamba za cinthu cimene ambiri a inu munacisiya kumudzi ciri cotsamira kuseri kwa citseko, ndico mfuti ya makolo. Funso lathu ndi ili: kodi mfuti iyenera kutsukidwa ndi ciani? Ndi madzi otentha ndi mafuta a nsatsi, monga anali kucitira akuru akale, kapena ndi mankhwala a m'botolo ogula ku sitolo? Funsoli lioneka laling'ono, koma lakanganitsa anthu zaka zoposa 100, ndipo kuliyankha molakwa kwaonongetsa mfuti zambiri, penanso zala ndi maso a eni ace.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga ndiri mwana, m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe. Amalume anali ndi mfuti ya gogodela imene anailandira kwa amalume ao, pakuti kwathu cuma cotere citsata kucikazi. Anali kupitikitsa nayo nguluwe ndi anyani kumunda. Tsiku limene aomba, madzulo ace anali kutereka mphika pamoto, nathira madzi otentha m'mimba mwa mfutiyo kufikira madzi oturuka atayera, naipukuta ndi nsanza, naidzoza mafuta a nsatsi. Caka cina akuru anga, amene anali pa nchito ku mgodi, anabwera pa chuthi ndi botolo la mafuta a mfuti logula m'tauni. Anagwada, napereka botololo ndi manja awiri, nati, "Amalume, lekani kuthira madzi m'citsulo. Madzi ndiwo abala dzimbiri. Ife ku mgodi makina onse tiwasunga ndi mafuta." Amalume anaomba m'manja, nati, "Zikomo mphwanga, wandikumbukira. Koma mfuti iyi inazolowera kusamba."

Tinaseka tonse. Koma posafuna kunyoza mphatso ya mwana wa mlongo wao, amalume analekadi madzi, nagwiritsa nchito botolo lija dzinja lonse. Pofika nthawi ya cimanga caciwisi, citsulo cotsindira onga cinayamba kulimba polowa. Nsanza inali kuturuka ndi zakuda zomata ngati phula la pamseu, ndipo pansi pa zakudazo panali dzimbiri lofiira. Anapita nayo kwa wosula zitsulo, amene anaitsegula kumbuyo, nasuzumira, nati pamalo pokhala onga pakumbika maenje, ndipo amene adzaiombanso adzataya dzanja. Kuyambira tsiku limenelo mfutiyo siinalirenso.

Nanga analakwa ndani? Wa botolo, kapena botolo lomwe? Kuti tiyankhe bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo, tione kumene mfuti zimenezi zinacokera ndi litsiro limene zisiya.

Mfuti zifika m'dziko la Asoli

Chongwe ali kum'mawa kwa Lusaka, pa mseu waukuru wopita ku Chipata, mtunda wa makilomita ngati 45. Dzinali licokera ku mtsinje umene utsika pakati pa mapiri ndi kukathira m'Zambezi. Eni dziko ndiwo Asoli, anthu a Mfumu Nkomeshya, ndipo Lusaka yemwe anatenga dzina kwa nyakwawa yochedwa Lusaaka. Asoli anali ochuka pa kusungunula citsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Cotero pamene mfuti inafika, inapeza anthu odziwa kale makhalidwe a citsulo.

Njanji inafika pa Lusaka mu 1905, koma mfuti zinali zitafika kale, ndipo zambiri zinadzera kumadzi. Pamene Luangwa akomana ndi Zambezi pali Zumbo, msika umene Apwitikizi anaukhazika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700. Anausiya mu 1836, nabweranso mu 1862. Kucokera kumeneko kunali kukwera Acikunda, amene poyamba anali asilikari aukapolo a eni minda ikuruikuru ya ku Tete, ndipo pambuyo pace anasanduka alenje a njobvu ndi ankhondo oopsa. Atsogoleri ao odziwika anali Kanyemba, amene dzina lace la Cipwitikizi linali José do Rosário Andrade, ndi Matakenya, ndiye José de Araújo Lobo. David Livingstone anagona m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe m'mwezi wa July 1860, ndipo pa ulendo womwewo analemba za anthu a mfuti ocokera ku Tete amene anali kukwera ndi Zambezi kufuna minyanga. Tisabise, abale: mfuti inalowa m'dziko lino pamodzi ndi misozi, pakuti mtengo wace unali minyanga ya njobvu ndi anthu ogulitsidwa ukapolo.

Mfuti zimenezo zinali zothirira onga kukamwa. Zina zinali za asilikari a ku Ulaya zimene zinagulitsidwa nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815, zina zinapangidwa mochipa ku Birmingham ndi ku Liège kuti zikagulitsidwe mu Afrika. Zoyamba zinali kuyatsa onga ndi mwala wothetheka moto. Pambuyo pace kunadza za fataki, kacisoti kamkuwa kamene kaphulika kakamenyedwa ndi nyundo ya mfuti. Mu 1890 maiko a ku Ulaya anapangana ku Brussels kuti mfuti zamakono zisagulitsidwe kwa anthu akuda m'cigawo cacikuru ca pakati pa Afrika, nalola mfuti za mwala zokha ndi onga wamba. Ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene gogodela anakhalitsa m'midzi yathu, pamene ku Ulaya anali ataiwalika.

Litsiro la onga wakuda

Onga wakale upangidwa ndi zinthu zitatu: makala, sulfure, ndi mcere wina wochedwa saltpetre. Ukapsa, coposa theka la kulemera kwace sicisanduka mpweya ai, citsala ngati phulusa. Lina lituruka ndi utsi woyera uja, lina limamatira m'mimba mwa mfuti. Tsono mverani ici, makamaka inu azimai. Mbali yaikuru ya phulusa limeneli ndi mcere womwewo umene uli m'cidulo cimene muceza pophika therere. Mudziwa kuti mukathira madzi pa phulusa, mphamvu yace yonse itsika ndi madziwo. Mudziwanso kuti mcere ukagona poyera m'dzinja, m'mawa muupeza utalowa madzi wokha popanda wouthira. Litsiro la onga licita cimodzimodzi. Likoka cinyezi ca mumpweya, ndipo cinyezi ca mcere cikakhala pa citsulo, dzimbiri liyamba usiku womwewo.

Apa ndipo pagona nzeru ya mphika wa amalume. Madzi asungunula mcere naturuka nao. Akakhala otentha acita nchito yaciwiri, pakuti atenthetsa citsulo, ndipo citsulo cotentha ciuma cokha msanga. Mafuta a nsatsi, kapena mafuta a nyama opanda mcere, adza potsiriza, kuchinga citsulo coyera kuti mpweya usacikhudze. Munthu ayamba wasamba ndipo adzola pambuyo pace. Wodzola pa litsiro sitinena kuti wasamba.

Mafuta a m'botolo la akuru anga anali a mtundu wa mafuta a makina, ocokera pansi pa nthaka. Mafuta otere sasungunula mcere. Angouphimba pamwamba, ndipo dzimbiri lipitiriza kudya pansi pace, kosaoneka. Kuonjezera apo, akasanganikirana ndi mwaye wa onga wakuda natenthedwa, asanduka phula louma lija limene linakaniza citsulo cotsindira. Mafutawo sanali oipa, koma anapatsidwa nchito imene siinali yao.

Musayese kuti kutsuka ndi madzi kunali umbuli wa kumudzi. Asilikari a ku Ulaya a masiku a Napoleon anali kutsuka mfuti zao ndi madzi otentha, nazidzoza mafuta a azitona. Mlenje wa ku Chongwe ndi msilikari wa ku London anafika pa nzeru imodzi, cifukwa litsiro linali limodzi. Komabe tinene zoona: mafuta a kumudzi nawonso ali ndi zolakwa zao. Mafuta a nshawa akakhalitsa amata ndi kununkha, ndipo mafuta a nyama imene inathiridwa mcere abweretsa dzimbiri lomwe munthu ali kulithawa.

Onga watsopano ndi botolo la ku sitolo

Zinthu zinasintha mu 1884, pamene Paul Vieille wa ku France anapanga onga wopanda utsi. Mu 1889 Frederick Abel ndi James Dewar a ku Britain anapanga wao wochedwa cordite. Asilikari a Britain analandira mfuti ya Lee-Metford mu 1888 ndi Lee-Enfield mu 1895, zonse za cipolopolo ca .303, ndipo mfuti ya Lee-Enfield ndiyo inakhala m'manja mwa apolisi ndi asilikari a dziko lino zaka zambiri. Onga watsopano unali kusiya phulusa locepa kwambiri, ndipo anthu anayesa kuti bvuto la dzimbiri latha.

Koma kunabadwa mabvuto awiri. Loyamba, cipolopolo catsopano cinali kuthamanga kwambiri kotero kuti mtobvu wokha sukanapirira, ndipo anacibveka cikopa ca mkuwa wosanganiza ndi nickel. Cipolopolo ciri conse podutsa cinali kupaka mkuwa pang'ono m'mizere ya m'mimba mwa mfuti, kufikira mfutiyo iyamba kuphonya. Mkuwa umenewu sucoka ndi madzi, sucokanso ndi mafuta a nsatsi. Ufuna mankhwala onga ammonia, amene ausungunula, ndipo nsanza ituruka yobiriwira, mtundu umene inu a ku migodi muudziwa bwino pa miyala ya kopa. Laciwiri, mfuti yopukutidwa bwino ndi kudzozedwa mafuta inali kupezeka ndi dzimbiri patapita masiku owerengeka, ndipo palibe anadziwa cifukwa cace ceniceni. Ambiri ananamizira onga watsopano kuti usiya asidi m'citsulo.

M'nyengo yomweyi ndimo munabadwa mabotolo a ku sitolo. Mu 1903 Frank Hoppe wa ku Pennsylvania, ku Amereka, anasanganiza mankhwala asanu ndi anai, nawacha Hoppe's No. 9. Mu 1904 Helmut Klever wa ku Cologne anapanga Ballistol, mafuta amene asilikari a ku Jeremani anawalandira. Mankhwala otere anapangidwira mwaye wa onga watsopano, umene madzi saugwira bwino. Cotero botolo linali ndi nchito yeniyeni, ndipo amene anena kuti zonse za ku sitolo ndi kuba ndalama cabe, alakwa.

Cinsinsi ca dzimbiri lobisala cinaululidwa mu 1922, ndipo mudzakondwa kumva kuti anaciulula munthu wa za migodi. Wilbert Huff anali kugwira nchito ku Bureau of Mines, bungwe la boma la Amereka loyang'anira migodi. Iye anaonetsa kuti wolakwa sanali onga konse, koma fataki wa kumbuyo kwa cipolopolo. M'fataki munali mankhwala ochedwa potassium chlorate, amene akapsa asiya potassium chloride, mbale wace wa mcere wa m'ndiwo. Mcere umenewu ugona m'mimba mwa mfuti, nudikira tsiku la cinyezi, nudya citsulo ngakhale pansi pa mafuta. Ndipo mankhwala ace anali ciani? Madzi. Akatswiri atayesa zinthu zambiri zodula, anabwerera ku mphika.

Asilikari a Britain anali atazolowera kale mwambo umenewu asanadziwe cifukwa cace. Northern Rhodesia Regiment inakhazikidwa mu 1933, ndipo anyamata a dziko lino anamenya nkhondo pa Tug Argan ku Somaliland m'mwezi wa August 1940, ndiponso m'nkhalango za ku Burma mu 1944. Msilikari ali yense anali ndi kabotolo ka mafuta ndi cingwe cokokera nsanza, zobisika m'thako mwa mfuti, ndi kansaru ka mainchesi 4 m'litali ndi 2 m'lifupi. Koma akacoka koombera, lamulo linali lakuti athire madzi owira m'mimba mwa mfuti kucokera kumbuyo, aumitse, ndipo pamenepo adzoze mafuta, nabwerezenso kupukuta masiku otsatira. Taganizani mnyamata wa kwa Nkomeshya amene analembedwa usilikari, nayesa kuti wasiya za kumudzi, ndipo sajeni amlamulira kucita zomwe anali kuona amalume ace ali kucita pakhonde.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 makampani a ku Amereka ndi ku Jeremani anayamba kugulitsa fataki wosasiya mcere, wochedwa Kleanbore ndi Sinoxid. Magulu a nkhondo anacedwa kusintha, ena kufikira m'ma 1950, ena kupitirira apo. Pamene fataki watsopanoyu anafala, madzi analeka kufunika pa mfuti zamakono, ndipo botolo linatenga ufumu. Akuru anga anakulira m'masiku a ufumu wa botolo. Zimene ananena zinali zoona pa mfuti ya m'sitolo, koma pa gogodela zinali zakupha.

Mkangano sunathe

Musayese kuti mankhwala opanga pakhomo ndi a anthu osauka okha. Ku Amereka komweko, kumene mabotolo adzaza masitolo, ca m'ma 1990 munthu wina wodziwa za mfuti, C. E. Harris, anafalitsa msanganizo wace umene anthu anaucha Ed's Red. Muli parafini, mafuta ofiira a giya ya galimoto, acetone, ndi mankhwala osungunulira penti. Iyenso sanaupeke yekha, koma anatsata msanganizo wakale wa asilikari umene unalembedwa m'buku la Julian Hatcher la mu 1947, nacotsamo mafuta a namgumi, naikamo a galimoto. Ambiri auyamika kuti ucotsa mwaye ngati mankhwala odula. Koma mkuwa suusungunula, ndipo pa onga wakuda madzi ayenerabe kutsogola. Ulinso wosacedwa kugwira moto, ndipo mpweya wace si wabwino m'nyumba yotseka.

Tsono mbiri yonseyi itiphunzitsa cinthu cimodzi. Funso lakuti "za pakhomo kapena za ku sitolo" ndi funso lokhota. Funso loongoka ndi ili: m'mfutimo muli litsiro lanji? Likakhala mcere, kaya wa onga wakuda kaya wa zipolopolo zakale za nkhondo, lifuna madzi otentha, ndi sopo pang'ono ngati alipo. Likakhala mwaye wa onga wamakono, lifuna mankhwala a mtundu wa mafuta, ogula kapena osanganiza. Likakhala mkuwa, lifuna botolo lopangidwira mkuwa, ndipo mankhwalawo asagonemo nthawi yoposa imene yalembedwa. Pa zonse zitatu, mafuta adza potsiriza, pang'ono cabe, pa citsulo couma.

Ndisanatsirize, ndicenjeze inu amene mudzapita kumudzi pa chuthi ndi kupeza mfuti ya malemu. Gogodela angathe kusunga onga m'mimba zaka zambiri, nuphulikabe. Musamsuzumire kukamwa, musamuike pafupi ndi moto, musampatse mwana. Lowetsani citsulo cotsindira, muone pamene cafika, ndipo mulinganize ndi utali wa mpope kunja. Cikalekeza panjira, mulimo kanthu, ndipo nchito yocotsa ndi ya munthu wodziwa. Petulo ndi madzi a m'batire si zotsukira mfuti: petulo ayaka, ndipo asidi adya citsulo koposa dzimbiri. Onga wa m'zipolopolo zamakono usalowe konse m'gogodela, pakuti citsulo cace sicingapirire mphamvu yotere, ndipo cing'ambika m'manja mwa woomba. Kumbukiraninso kuti mfuti iri yonse, ngakhale ya colowa, ifuna cilolezo ca boma, ndi kuti dziko la kutsidya kwa Chongwe ca kumunsi, kumene Acikunda anali kupha njobvu, linakhala Lower Zambezi National Park mu 1983, ndipo kusaka m'menemo ndi mlandu.

Mfuti ya amalume iripobe. Akuru anga ndiwo anailandira monga mwa mwambo, ndipo ipacikidwa pa cipupa, yosalira. Masiku aja a botolo, titacoka pamaso pa amalume, anandinong'oneza kuti, "Tsobola wakale sawawa." Zaka zitapita, ali okalamba, ndinawapeza tsiku lina ali kupukuta mfutiyo kunja ndi kansanza ka mafuta a nsatsi, ndipo anati, "Mng'ono wanga, mau a akuru akoma akagonera." Miyambi iwiriyi yonse ndi ya makolo athu, ndipo yonse ndi yoona, uli wonse pa nthawi yace. Amalume akadapatsidwa mfuti yamakono yodzala mkuwa, mphika wao ukadalephera monga linalepherera botolo pa gogodela.

Cotero inu a m'tauni, potengera akuru mphatso za ku sitolo, yambani mwafunsa cifukwa cimene acitira zimene acita. Ndipo inu akuru, mwana akabwera ndi botolo, muuzeni aliwerenge, mumve nchito imene linapangidwira.